Mpanda Umene Alby Anandimangira

Alby Kettering anabadwira pa mishoni ya m'mbali mwa mtsinje, kumadzulo kwa dera la Victoria, kumene boma linkasungirako anthu akuda amene azungufe tinawapeza m'dziko muno. Anayamba kumeta nkhosa m'mafamu a anthu asanamere ndevu. Ine Des Pascoe ndinakulira m'tauni yapafupi, koma sindinamudziwe mpaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatigoneka m'tenti imodzi m'chaka cha 1942.

Ku New Guinea kunalibe wakuda kapena woyera, tonse tinali amtundu wa matope. Misundu inkatiyamwa mofanana, nyama ya m'chitini inkatinyansanso mofanana. Alby anali wapakamwa, ankanditcha Mwana wa Abusa chifukwa sindinkatukwana. Tsiku limene chipolopolo chinandiphwanya ntchafu, anandibereka masiku awiri kutsika phiri, iye malungo akumunjenjemeretsa. Njira yonse ankangonena za malo amodzi, pokhotera mtsinje pamene pali mabulugama atatu, pomwe anaika mayi ake. Ankati nkhondo ikatha adzamangira mkazi wake Ivy nyumba pamenepo, n'kuweta nkhosa zakezake.

Sikunali kulota ayi. Boma linali litalonjeza kuti msilikali wobwerako akhoza kulembetsa kuti apatsidwe famu. Titabwerera tinapeza mishoni itatsekedwa, malo ake atadulidwa zigawo zogawira asilikali. Alby anangoseka, nati boma lamupeputsira ntchito, chifukwa chigawo cha nambala naini chinali chomwe chija cha mabulugama. Tinalembetsa tsiku limodzi, ndi cholembera chimodzi.

Malowo ankagawa mwa maere. Komiti ikakuvomereza, nambala yako inkalembedwa pa kampira ka mtengo, n'kuponyedwa mu mgolo wozungulira. Tsikulo holo ya m'tauni inadzaza. Alby anabwera atavala jekete yobwereka, mamendulo akunyezimira pachifuwa. Wapampando anali Bambo Hargreave, mwini nkhosa zambiri, munthu amene nkhondo yonse anaimenyera pa wailesi ya m'nyumba mwake. Anawerenga mayina a ovomerezedwa mpaka kumapeto, la Alby silinamveke.

Alby anaimirira. "Bwana, dzina langa mwalidumpha."

"Silinadumphidwe, mnyamata iwe. Komiti yaona kuti ulibe luso loyendetsa famu."

"Nanga nkhosa zanu zija amazimeta ndani chaka ndi chaka?"

"Kumeta si kuweta. Khala pansi, ukuchedwetsa anthu."

Amuna amene ankasuta naye ndudu imodzi m'matope anayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati azigula kumene. Anandinyansa, ndipo amandinyansabe. Koma ndisaname, nanenso ndinali momwemo, ndodo yanga yoyendera ili m'manja, ndipo sindinaigogode pansi n'kamodzi komwe.

Mgolo unazungulira. Atafika pa chigawo cha nambala naini, kampira kamene kanatuluka kanali kanga. Anthu anaomba m'manja. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo tinkakhala m'chipinda chimodzi kwa apongozi. Izi ndazinena kwa anthu ambiri ngati chifukwa, koma zoona zake n'zakuti ndinasaina osazengereza n'komwe. Titatha tonse tinakhamukira ku bala kukakondwera. Alby lamulo silinkamulola kulowamo, ndiye ndinamutulutsira botolo kukhomo la kuseri, monga timachitira poponyera galu fupa. Analiyang'ana, nandifunsa ngati mwendo ukupola, n'kumapita.

Panali lamulo lakuti wopatsidwa malo awatchinge ndi mpanda chaka chisanathe, apo ayi alandidwa. Ndi mwendo wangawu sindikanakumba ngakhale dzenje limodzi, ndipo aganyu anali atatha. Miyezi inapita. M'mawa wina ndinamva chitsulo chikugunda nthaka, potuluka ndinapeza Alby wayamba kale kukumba pa ngodya. Sanandipatse moni. Anati wamva kuti malo andithawa, ndipo akandithawa ine apita kwa mphwake wa Hargreave, amene adzalima mpaka pamanda a pamabulugama paja.

Anagwira milungu isanu ndi umodzi. Pafupi ndi mabulugama aja, pomwe panalibe msewu kapena kanjira, anaikapo kachipata. Ndinamufunsa kuti n'kachiyani.

"N'ka Ivy ndi ana, azidzaona manda Lamlungu," anatero. "Ukafuna ukatseke, Mwana wa Abusa. Malo ndi ako."

Alby anamwalira mu 1961, m'kanyumba ka malata kuseri kwa dzala la tauni. Pamaliro ake anayala mbendera pa bokosi, ndipo Hargreave, atakalamba, anaima n'kunena kuti tauni yataya ngwazi. Ndinatuluka panja kukalavula. Ivy anapempha kuti aikidwe pambali pa mayi ake, ine ndinavomera msangamsanga, koma akuluakulu anakana, ati famu si manda. Chaka chotsatira Ivy ndi ana anasamukira ku mzinda wa Melbourne.

Mpanda uja ulipobe, palibe mtengo ngakhale umodzi umene wapendekeka. Kachipata kaja sindinakatsekepo. Mahinjesi ake ndimawathira mafuta chaka chilichonse, koma palibe amene amalowerapo.