Galimoto imene agula achimwene a Yamikani

Mwaswera bwanji nonse.

Achimwene anga, a Yamikani, agulitsa galimoto ija timanyamulira Amayi popita kuchipatala. M'malo mwake agula yakalekale yothamanga, ya zitseko ziwiri, akuti ili ndi turbo. Afika nayo masana ano ikulira ngati ndege.

Anawakakamiza Amayi kuti akhalemo, aipempherere. Mpando wake uli pansi penipeni. Pofuna kutuluka, mawondo anakana. Tinachita kuwakoka anthu atatu, anthu onse a kuno ku Chinsapo akuonerera. Amayi anangoti, "Iwe Yamikani, wandigulira bokosi ndikadali moyo?"

Panopa agona kuchipinda, sakuyankhula ndi munthu. Achimwene ali panja, akupukuta matayala.

Lachinayi Amayi akuyenera kukayezetsa shuga. Ine mutu waima. Ndiuzeni abale, tiwanyamulira pa chiyani?