Dzina Limene Laputopu Inkalidziwa

Chaka chimene mvula inadukiza chimanga chili m'mawondo, bambo a ana anga anapita ku Joni kukasaka ganyu. Anandisiya ku Phalula ndi ana aakazi awiri, foni yaikulu ndi laputopu yakale imene anagula ku Balaka. Mu laputopumo munali makomo awiri. Lina linali lawo, lotsekedwa ndi pasiwedi imene sindinaifunsepo, monga momwe sindinatsegulirepo sutikesi yawo. Lina linali langa ndi ana. Foni ija ndiyo inkagawira laputopu intaneti popanda waya, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkakhala pamkeka n'kuwaona nkhope pagalasi lalikulu.

Itafika Januwale tinayamba kudya kamodzi patsiku, kenaka mango owiritsa. Foni ija ndinaigulitsa n'kugula chimanga, simu ndinaika m'kafoni ka mabatani. Bambo akaimba n'kufunsa chifukwa chimene sitikuonekeranso, ndinkati netiweki yavuta. Ndinkalapa bodza limenelo m'pemphero la m'mawa, Lamlungu n'kulinenanso. Ndinkadziwa kuti akamva zoona adzatumiza ndi chimene akanadya iwo.

Koma mawu awo anasintha. Ankatsokomola pakati pa nkhani, n'kumati ndi fumbi la simenti. Khutu limanamizika. Ine ndinkafuna kuwaona ndi maso.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wina wa ku Ntaja, Msilamu, wogulitsa matemba a ku Chiuta pamsewu. Foni yawo kamera inali yakufa koma intaneti inkagwira.

"Bwerani nacho chimakina chanucho, achemwali," anatero. "Mukhala mukuusa moyo mpaka liti? Mukundithawitsira makasitomala."

Laputopu inaliona dzina la foni yawo bwinobwino. Ndinalemba pasiwedi imene anandiuza, koma panatuluka kabokosi kena kofuna pasiwedi ya mwini makina. Ndinayesa yanga, inakana. Tinazimitsa, kuyatsanso, kusunthira pansi pa mtengo wa mango, kabokosi komweko. Khomo langa linkaloledwa kulowa pa netiweki imene bambo anavomereza kale, koma kulandira yachilendo iyayi.

"Aimbireni akuuzeni," anatero mayi aja.

"Akandifunsa kuti foni yathu ili kuti?"

Anatenga foni yawo n'kubwerera ku matemba awo.

Ndinapita nayo ku Balaka kwa bambo wina wokonza makompyuta. Iye anati njira yake ndi kufufuta zonse n'kuyamba mwatsopano, kuti mwini ndikhale ine. Ndinafunsa za zithunzi ndi makalata a bambo a ana anga amene anali kuseri kwa khomo lawo. Anati zipita. Ndinaikulunga m'chitenje n'kubwerera. M'minibasi ndinkalankhula ndi Ambuye chamumtima kuti, Inu mumatsegula pamene munthu sangatseke, ine sindikupempha mkate wogwa kumwamba, ndikupempha nkhope imodzi yokha.

M'mawa mwake mayi a ku Ntaja anandipeza ndikupeta gaga.

"Ndagona ndikuganiza. Chinthu chanucho chili ngati galu wa pakhomo, chimadziwa dzina limodzi. Foni yanu ija inkatchedwa ndani?"

Ndinawauza kuti bambo anaitcha dzina la mwana wathu woyamba, ndipo pasiwedi yake inali nambala ya nyimbo imene inaimbidwa paukwati wathu, kuphatikiza chaka.

"Basi, yangayi tiisinthe dzina. Mwaibatiza lero, koma mukatha mundibwezere ndikapite nayo ku mzikiti."

Ndinaseka. Koma ndinakumbuka mwana uja wa m'Mawu a Mulungu amene anavala zovala za mkulu wake kuti bambo wosaona amudalitse. Ndinawauza zimenezo.

"Inu achemwali, makina alibe mzimu. Lembani."

Ndinalemba dzina la mwana wanga m'foni ya eni, ndi nambala ija pansi pake. Laputopu sinafunse kanthu. Timizere ta netiweki tinangodzaza tokha.

Tinadikira Lamlungu. Ana ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta otsala, ine ndinavala duku ndi bulauzi ya manja aatali. Mayi aja anasiya foni pawindo n'kupita kukakhala pa matemba awo.

Nkhope ya bambo inatuluka pang'onopang'ono. Anali atavala chipewa ndi jekete yotseka mpaka m'khosi, dzuwa likuswa mtengo. Masaya anali atalowa. Ana ankalimbirana kulankhula za kusukulu, iwo akumwetulira, koma maso awo anali pa ine.

Ana atatuluka, bambo anati, "Mayi a ana, bulauzi imeneyo inkakuthinani."

"Nanunso jekete imeneyo mwabwereka kwa ndani?"

Anayamba kuseka, chifuwa chinawadula. Ndinadikira mpaka chitatha.

"Foni ndinagulitsa," ndinatero.

"Ndinadziwa. Ine ntchito inatha mu Disembala. Ndikumwa mankhwala a chifuwa chachikulu."

Tinayang'anana. Kenaka anati tipemphere, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinapemphera osatseka maso. Nawonso sanatseke. Bandulo ya intaneti inatha tisanafike pa ameni, nkhope yawo inauma pagalasi, pakamwa pali potsegula pang'ono. Sindinaitseke laputopu mpaka batire inatha.