Chigamba cha Makina Okamira Ng'ombe

Auke Hiemstra anagwira ntchito yoyeza mkaka zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo palibe mlimi amene anamumvapo akukweza mawu. Anali munthu wa malamulo. Msewu ukhale pululu, mvula ikumukwapula pa njinga, nyali yofiira ikangoyaka iye ankatsitsa phazi n'kudikira. Mkazi wake Jitske ankati anakwatiwa ndi chikwangwani cha pamsewu.

Atapuma pa ntchito, famu ya makolo anaisiya m'manja mwa mwana wake wamkazi Sjoukje. Alimi a m'deralo ataona kuti manja ake alibe chogwira, anamupatsa udindo woyang'anira tsamba lawo la pa intaneti, pamene ankakambirana za udzu wouma, matenda a ziboda ndi makina okamira ng'ombe, aja okama okha opanda munthu. Ntchitoyi anaikonda. Ankachotsa zotukwana, n'kukonzanso timawu tolakwika ta anzake mwakachetechete.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, Baukje, mayi wokonza magetsi m'makola, analemba patsambapo uthenga wautali. Anati pulogalamu yoyendetsa makina amene alimi ambiri anagula inali ndi chiboo, moti munthu ali kutali akhoza kulowa n'kuimitsa chilichonse. Kampani anali ataiuza miyezi inayi yapitayo koma inangoti zii. Ndiye anafotokoza mmene aliyense angatsekere chiboocho yekha. Kuti anthu asasochere, anakoperamo mizere ya pulogalamuyo komanso tsamba limodzi la buku limene kampani imapatsa amisiri ake okha.

Patapita masiku awiri, kalata ya maloya inafika, ya pepala lokhuthala, dzina la Auke lili pamwamba. Inati mizereyo ndi bukulo n'za kampani, lamulo la umwini wa zolemba sililola kuzifalitsa, ndipo woyang'anira tsamba ndiye adzayankhe kukhoti ngati sizichotsedwa pofika Lachisanu. Auke anaiwerenga katatu ali chiimire pakhomo. Moyo wake wonse anali asanalandirepo ngakhale kalata ya apolisi a pamsewu.

"Inu, khofi akuzizira," anatero Jitske. "Kapena kwafa munthu?"

"Palibe," iye anayankha, n'kulowa m'kachipinda ka kompyuta.

Uthenga wonse anauchotsa, kuyambira moni mpaka dzina la Baukje. Koma asanatero anachita chinthu chimene sanauze ngakhale Jitske: anausindikiza pa pepala, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la jekete. Masana omwewo anapalasa njinga kupita kwa Sjoukje, nakhala ola lathunthu pa kompyuta ya m'khola akutsatira pepalalo mzere ndi mzere, kutseka chiboo chija. Mwanayo atafunsa, anangoti akupukuta fumbi. Pobwerera anadutsa pa geti la Rinze Wijma, mnzake wa pa benchi imodzi kusukulu, amene makina ake anali a mtundu womwewo. Rinze anali pa thirakitala, anakweza dzanja. Auke anakwezanso lake, osachepetsa liwiro. Mumtima ankadziuza kuti kupatsa munthu wachiwiri pepalalo ndiko kufalitsa kumene kalata yaletsa.

Baukje anaimba foni mawa lake.

"A Hiemstra, mwafufuta zonse? Ndi mawu anga omwe?"

"Maloya alemba, mayi."

"Alemba za mizere yawo ndi buku lawo! Mukanadula zimenezo, zanga n'kusiya. Kuuza mnzako kuti tseka chitseko si kuba buku la munthu."

"Sindine loya ine," anatero Auke.

"Ndaona," Baukje anayankha, n'kudula foni. Nayenso kalata yake inali itafika, yoopseza kuposa ya Auke, ndipo sanalembenso kanthu.

Milungu itatu itadutsa, munthu wina analowera pa chiboo chija, makina a Rinze n'kuima m'mawa wa Loweruka. Ng'ombe zana limodzi ndi khumi zinaunjikana pa zipata, mawere ali ndendende, kulira kwake kumamveka mpaka kutchalitchi. Amisiri a kampani anati afika Lolemba. Mudzi wonse unapita ndi ndowa, koma ng'ombe zimenezo zinali zisanakamidwepo ndi dzanja la munthu chibadwire. Zinkaponda, zinkatayitsa mkaka, ina inathyola chala cha Geartsje, mkazi wa Rinze. Auke anakama nawo masiku onse awiri, woyamba kufika, womaliza kuchoka, ndipo anthu ankamuyamikira. Mawu aliwonse oyamikira ankamulowa ngati minga. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zinatupa mawere osachiranso, galimoto ya kophera inabwera kudzazitenga.

Mu Meyi Geartsje anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo anati tsoka lisamulande tsiku lake. Mipando anaiyala mozungulira pabalaza monga mwa masiku onse, ndipo aliyense wolowa ankayenda dzanja ndi dzanja, kufunira mafuno abwino onse okhala pamenepo. Auke anazungulira bwalo lonselo. Atafika pa Rinze anati, "Mafuno abwino chifukwa cha akazi anu," mawu akutuluka ngati a munthu wa chimfine.

"Khalani pansi, akuluakulu a boma," Rinze anaseka. "Keke ilipo, chilolezo chodyera ndasaina kale."

M'bwalo lotere mulibe ngodya yobisalamo. Nkhani ikayamba imayenda mpando ndi mpando. Atadya keke n'kubwera timatchizi, mlimi wina dzina lake Hidde anati iye sagona tulo, chifukwa kampani yati chigamba chake chotsekera chiboo chija chidzatuluka m'chilimwe, ndipo makina a m'makola asanu ndi anayi akadali osatseka.

"Paja Baukje analembapo kanthu," anatero Hidde. "Ine ndinangoona mutu wake, ndimati ndiwerenga Lamlungu. Kenako ng'oo, palibe. Auke, chinapita kuti chija?"

"Maloya anati chichoke."

"Basi chinangotayika?"

Auke anayang'ana kapu yake. Akanatha kugwedeza mutu, nkhani n'kupitirira kwa wina.

"Ndili nacho," anatero. "Ndinasindikiza."

Sjoukje, amene anakhala moyang'anana naye, anatsitsa foloko pang'onopang'ono.

"Bambo, fumbi lija mumapukuta lija?"

Makutu a bamboyo anafiira mpaka m'khosi. Rinze anatsamira kutsogolo, zigongono pa mawondo.

"Aneba, tsiku limenelo munadutsa pa geti langa?"

"Ndinadutsa."

"Pepala lili m'thumba?"

"Linali m'thumba."

"Ndipo ndinakukwezerani dzanja."

Geartsje anaimirira ndi mphika wa khofi, chala chake chikadali chokhota, koma sanathirire aliyense. Anali Jitske amene analankhula, osayang'ana mwamuna wake.

"Ndiye nenani, inu. Musawerenge za eni ake. Nenani ndi pakamwa panu, monga mmene mungauzire munthu njira ya kumsika."

Auke anaimirira, ngakhale m'bwalo la tsiku lobadwa saimirira munthu. Pepala sanalifune, anali ataliloweza ndi kuliwerenga mobisa. Anafotokoza pamene angalowe, chimene angazimitse kuti makina asamalankhule ndi akunja, ndi nambala yachinsinsi ya kufakitale imene iyenera kusinthidwa. Hidde analemba kuseri kwa envelopu ya khadi, ena pa timapepala topukutira pakamwa. Wina anati abwereze gawo lachiwiri, iye anabwereza. Zonse sizinathe mphindi zisanu, ndipo kufupika kwakeko ndiko kunamuwawa koposa.

Rinze yekha sanalembe. Makina ake anali atakonzedwa kale, pambuyo pa tsoka lija.

"N'zomwezo basi?" anafunsa.

"N'zomwezo."

"Mukanaima pa geti paja, thirakitala sindikanazimitsa n'komwe," anatero Rinze. Anatenga chipewa chake, nati akukaona ng'ombe, ngakhale aliyense ankadziwa kuti zimadzikama zokha.

M'makola asanu ndi anayi aja chiboo chinatsekedwa mlungu womwewo, ndipo palibe makina ena anaimitsidwa. Auke anatula udindo wa patsamba Lolemba lotsatira, ndi kalata ya mizere iwiri. Amapitabe kutchalitchi, amagulabe buledi Lachiwiri ndi Lachisanu. Rinze akakumana naye amamupatsa moni bwinobwino, koma amamutchula a Hiemstra, ndipo sanamuserewulenso.