Mapepala a Bwana Tayi pa Chingwe cha Mayi Zala

Mukatuluka pageti la chipatala chachikulu n'kuwoloka msewu, pali mzere wa timashopu ta malata. Pakati pa wokonza mafoni ndi wojambula zithunzi za ziphaso pali kachipinda ka Mayi Zala. Dzinali anawapatsa ndi madokotala, chifukwa mayiwa akayamba kutayipa mumangomva ngati matalala padenga. Kusukulu ya zotayipa sanapondeko. Anaphunzira okha pa kompyuta yotayidwa mu ofesi ina imene ankakolopamo, ndipo wonena kuti unali mwayi chabe akafunse msana wawo.

Ntchito imene amadziwika nayo ndi ija madokotala amaithawa, ya marefarensi. Dokotala akalemba pepala la kafukufuku loti lipite ku magazini ya zachipatala, mfundo iliyonse imene wabwereka kwa wina imafuna kanambala pambali pake. Kumapeto kwa pepalalo, nambala yomweyo imasonyeza wolemba, mutu, chaka ndi masamba. Manambalawo amatsatana kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumphana. Ndiye magaziniwa matama ake! Ina ikuti mayina ochepa okha, otsalawo angoti "ndi anzake". Ina ikufuna kanambala katere m'mwamba ngati kambalame, ina ikufuna katsekeredwe m'mabulaketi. Kadontho kamodzi kakasochera, pepala limabwerera asanaliwerenge n'komwe.

Mayi Zala ali ndi njira yawoyawo. Anamanga chingwe choyanikira zovala kuchoka pazenera kukafika pamsomali wa kalendala. Pepala lililonse lotchulidwa amasindikiza tsamba lake loyamba n'kulipana ndi pegi pachingwepo, motsatira nambala yake. Dokotala akasuntha ndime, iwo amasuntha mapegi. Asanapachike tsamba amayamba aliwerenga, milomo ikugwedera, kuti aone ngati likunenadi zimene akulinenerazo.

Mng'ono wawo ndi namwino ku wodi ya ana. Anamulera okha makolo atamwalira, ndipo mpaka lero wina akangomuyang'ana molakwika, Mayi Zala amakhala atayamba kale kuvula magalasi. Namwinoyu anachita kafukufuku wa ana opsa ndi moto kapena madzi otentha, pofuna kudziwa chifukwa chake mabala ena amachedwa kupola. Amayi a anawo ankawafunsa mmodzimmodzi pa nthawi yake yopuma, anzake akudya. Pepalalo linali khomo lake lolowera ku maphunziro apamwamba. Koma pepala ndi kalata ya tchuthi cha maphunziro, zonse zinkadikira siginecha ya mkulu wa dipatimenti, bambo amene a m'timashopumo amangomutcha Bwana Tayi.

Tsiku lina masana, chingwe chitadzaza ndi marefarensi a pepala la mng'ono wawoyo ndipo manambala onse atakhala m'malo mwake, namwinoyo analowa atakumbatira envelopu.

"Achemwali, musandikalipire."

"Ukayamba choncho ndiye kuti ndikukalipira. Khala pansi. Chavuta n'chiyani?"

"Bwana awerenga. Akuti lili bwino, koma nditchulemo mapepala awa, m'ndime yoyamba."

Mayi Zala anatsegula envelopuyo. Tsamba loyamba, dzina la Bwana Tayi. Lachiwiri, Bwana Tayi. Mpaka lomaliza, Bwana Tayi yemweyo, ndipo onsewo ankakamba za kuthamanga kwa magazi kwa okalamba.

"Iwe, ana ako opsawa ali ndi imvi?"

"Ayi, achemwali."

"Nanga nkhalamba izi zikudzatani mu wodi ya ana? Zadzazonda odwala?"

"Akuti mapepala awo akamatchulidwa kawirikawiri, dzina lawo limakwera. Aliyense amawaikira."

"Aliyense! Munthu ameneyu anamasulapo bandeji ya mwana mmodzi yekha? Fungo la bala amalidziwa?"

Wokonza mafoni anasuzumira pakhomo, kasikuludiraiva kali kukamwa. "Amayi, lero akuputani ndani? Malata akunjenjemera kuno."

"Iwe konza mafoni a anthu. Za pabanja pathu sizinathyoke sikirini."

Kuika mapepalawo m'ndime yoyamba kunkatanthauza kukankha nambala iliyonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma chimene chinawawawa Mayi Zala si ntchitoyo. Kwa iwo kanambala kaja ndi mboni: kamauza wowerenga kuti ngati sukundikhulupirira, pita ukafunse uje. Ndiye mwana amene anamuphunzitsa okha kusanama aimike mboni zabodza pakhomo penipeni pa ntchito yake? Kuti munthu wokhuta kale akhute bwino? Zoona zimenezi?

Anavula magalasi, n'kuponda nsapato chopinda, envelopu kumanja. Anawoloka msewu osayang'ana uku kapena uko, maminibasi akuimba mahutala. Namwinoyo anawapeza pageti n'kuwagwira dzanja.

"Mukupita kuti?"

"Kukamubwezera nkhalamba zake. Ndikamuuza pamaso pa sekilitale wake, mawindo onse amve."

"Achemwali, mukakalowa mmenemo sukulu yanga yathera pomwepo. Inu mukalalata n'kubwerera kukachipinda kwanu. Ine mawa ndikadzuka naye pawodi. Sadzakana poyera ayi. Adzangoti pepala likufunika kulionanso, chaka chino, chaka chamawa, mpaka ine ndidzatope."

Mayi Zala anaima. Mlonda wa pageti anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Mawu onse amene anawakonzera bwana uja anali pakhosi, otentha, okwanira bwino. Anayang'ana mng'ono wawo: yunifolomu yothimbirira mankhwala, maso ofiira. Anawameza mawuwo. Amene amawadziwa Mayi Zala akuuzani kuti chinthu cholemera ngati chimenecho sananyamulepo.

Anabwerera. Anasuntha mapegi onse mmodzimmodzi, n'kupachika mapepala a Bwana Tayi kutsogolo. Anatayipa dzina lake bwinobwino, kadontho pamalo pake, chaka pamalo pake, chifukwa ntchito yonyansa yochokera m'manja mwawo kulibe, ngakhale ya munthu wonyansa. Koma pakamwa sanatseke: pepala lililonse la bwanayo ankalilalatira polipachika.

"Lowa, wakuba iwe. Khala apa. Nawenso lowa. Dyani thukuta la mwana wamasiye."

Wojambula zithunzi anachita kutseka chitseko kuti makasitomala ake asiye kuseka pojambulidwa.

Siginecha inatuluka sabata yomweyo, mosavuta, ngati kuti munthuyo ankangodikira moni. Namwinoyo anabwera akuthamanga, kalata ya tchuthi m'manja, n'kuwakumbatira achemwali ake cha kumbuyo ali pampando.

"Asaina! Ndikupita, achemwali!"

Mayi Zala anaiwerenga kalatayo mpaka pansi. Anapukuta m'maso ndi chigongono, n'kunena kuti ndi fumbi la pulinta.

"Wasainadi, galu ameneyu. Pita. Ukaphunzire mpaka mutu ukakupweteke." Anamugwira pachibwano ngati kamwana. "Koma tamvera, mwanawe. Tsiku lina udzakhala pampando ngati wakewo. Ukadzangoyerekeza kutumiza mwana wa munthu kuno ndi envelopu ya mapepala ako, sindidzaima pageti. Ndidzalowa."