Zikhomo Ziwiri Kumunsi kwa Khola la a Nangondo

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifuna ndine. Sukulu itatseka mwezi wa Julaye, aphunzitsi athu a samu ku Chileka anandiitanira pakhonde n'kundionetsa kwa bambo wina wovala kabudula wa khaki, a Chimenya, mlangizi wa malimidwe wa ku Lirangwe. Bambowa ankafuna munthu wa maso akuthwa, wosamala, wosalongolola. "Uyu ndiye salankhula n'komwe," anatero aphunzitsi, onse awiri n'kuseka. Ine ndinangoyang'ana pansi. Pambuyo pake ndinamva kuti amene ankagwira ntchitoyo anaisiya anthu atamuopseza, ndipo ku Lirangwe kunalibe wina woifuna. Mayi anavomera chifukwa azakhali anga amakhala kufupi ndi msika wa kumeneko, ndiye pogona panalipo. Ndinamanga m'chitenje bulangeti ndi kabuku kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, n'kukwera pakeliyala ya njinga ya a Chimenya.

Ntchito yake inali yokhoma zikhomo za milambala. Iyi ndi mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka, imene boma linalamula kuti ikhale m'munda uliwonse kuti mvula isakokolole nthaka. Zida zathu zinali zochepa: ndodo ziwiri zofanana kutalika, chingwe cha mayadi khumi chomangidwa kunsonga kwa ndodozo, nyundo, mtolo wa zikhomo, ndi levulo, kagalasi kotalika ngati chala changa kokhala ndi madzi ndi kathovu m'kati. Levuloyo tinkaikoleka pakati penipeni pa chingwe. A Chimenya ankaimika ndodo yawo pachikhomo chimene takhoma kale. A Likaka, bambo wachikulire wokonda nthabwala, ankatsogola ndi ndodo inayo, chingwe chili chokungika. Ine ndinkaima pakati. Kathovu kamathawira kumene kwakwera. Kakathawira kwa a Likaka ndinkaloza kumunsi, iwo n'kutsikako pang'ono. Kakathawira kwa a Chimenya ndinkaloza kumtunda. Kakakhazikika pakati pa timizere tiwiri takuda, ndinkaomba m'manja kamodzi, chikhomo n'kulowa pansi.

A Chimenya sankakaona bwino kathovuko. Maso awo anali atafooka, ndipo sankafuna kuti bwana wawo wa ku Blantyre adziwe. Malangizo awo anali awiri basi: "Chingwe chikalefuka usawerenge. Mphepo ikamaomba, dikira."

Ntchitoyo ndinaikonda. Mzere wofanana msinkhu suwongoka ngati wa rula wa kusukulu. Umalowa m'zigwa, umazungulira zulu, umabwerera ngati waiwala kanthu. Tsiku lina ndinaona kuti kanjira ka ng'ombe m'mbali mwa phiri kankatsatana ndi zikhomo zathu pafupifupi ndendende. Ndinalemba m'kabuku kuti ng'ombe imadana ndi chikweza kotero kuti ili ndi levulo yakeyake m'mawondo.

Koma anthu ankadana nafe. Ena ankati zikhomozo n'zoyezera malo oti azungu a ku Rhodesia adzalande, popeza Chitaganya chamanga maiko atatu mtolo umodzi. Ena mtima unkawapweteka chifukwa cha matutu, timilu tobzalapo mbewu, amene makolo awo anabwera nawo kuchokera kudziko la Apwitikizi, amene tsopano analetsedwa, ndipo wokana milambala ankamutengera kubwalo, mwina mpaka kundende. Zikhomo zathu tinkazipeza zitazulidwa, zina atamangirirapo mbuzi. Ndikamadutsa pachitsime amayi ankanong'onezana mokweza, "Akudutsa akazi a Chitaganya." A Likaka ankawayankha, "Chitaganya akanakwatira kamunthu kowonda chonchi, bwenzi titamugwetsa kale!" Iwo ankaseka, ine ndinkalira madzulo. Chitaganyacho ine sindinachionepo ndi maso, kupatula pamapu a kusukulu ndi ndege zotera ku Chileka. Anthu nawonso sanachionepo. Chimene ankachiona chinali ifeyo ndi chingwe chathu. A Chimenya anandiuzapo tsiku lina tikudya chinangwa, "Nanenso sindichifuna, mwanawe. Koma madzi akutenga nthakawa sanachokere ku Rhodesia."

Chakumapeto kwa Sepitembala tinafika m'munda wa a Nangondo, mbali ya ku Chigaru. Anali mayi wamasiye, wokhala yekha ndi mbuzi zisanu. Khola lake la mitengo, lofolera ndi udzu, linali kumunsi kwa nyumba, m'mphepete mwa munda. Mzere wathu unkalunjika pakholapo, ndipo lamulo linali loti chilichonse chokhala pamzere chichoke. Mayiwo anagwada pafumbi.

"Bambo, kholali anamanga ndi malemu amuna anga. Ine mitengo ina ndikadule ndi manja ati?"

"Dzukani, mayi," anatero a Chimenya. "Si ine ayi. Chingwe ndicho chinene."

Mbuzi ina yaikazi, ya bere, ya banga loyera pamphumi, inali itatulutsa mutu pakati pa mitengo n'kumabudula nsonga ya chitenje changa. A Likaka anaimika ndodo pakhomo penipeni pa khola, kathovu n'kukhazikika pakati. Sindinaombe m'manja. Ndinaloza kumunsi. Anatsika. Ndinalozanso, anatsikanso, mpaka anapitirira ngodya ya kumunsi ya khola, kathovu katathawiratu kwa a Chimenya. Apo ndinaomba m'manja. Chingwe chachiwiri ndinawerenga zoona, chikhomo china n'kulowanso kumunsi kwa khola. Pachitatu ndinaloza kumtunda mpaka kathovu kanathawira kwa a Likaka mlingo womwe uja. M'mutu mwanga inali samu yapafupi: ukachotsera ziwiri n'kubwezera ziwiri, yankho silisintha. A Likaka anandiyang'ana pang'ono n'kunena, "Lero phiri lili ndi chifundo." A Nangondo analuluta, natipatsa mtedza. Madzulo ndinalemba kuti ndachita chinthu chabwino popanda kutsegula pakamwa.

Sindinaganize kuti papepala ziwirizo zimathana, koma panthaka zimapanga mbale. Madzi onse a mlambalawo, a kumanja ndi a kumanzere, anali oti adzatsikire pamenepo, ndipo pakati pa mbaleyo panali khola.

Mu Okutobala ndinabwerera kusukulu, a Nangondo akukweza mlambala motsata zikhomo zathu. Patchuthi cha Khirisimasi ndinapitanso kwa azakhali, ndipo masana ena kunagwa mvula yaikulu yosaona kutsidya kwa msewu. M'mawa mwake a Chimenya anaima pakhomo ndi njinga, ndodo atazimangirira m'mbali. "Tiye," anangotero.

Tinapeza anthu atadzaza. A Nangondo dzulo lake anali kumaliro kutsidya kwa mtsinje, mbuzi atazimangirira m'khola monga amachitira aliyense nthawi ya dzinja kuti zisadye chimanga. Madzi anaunjikana kuseri kwa mlambala, anafewetsa pansi, nsanamira zinazuka, denga n'kugwera mbuzi zili pazingwe. Kenako mlambala unaphulika pakati pa zikhomo zanga ziwiri zija, n'kukumba ngalande yofika m'chiuno kudutsa m'chimanga mpaka m'munda wa eni ake kumunsi. Mbuzi zitatu zinafa. Amuna anali akuzisenda pansi pa mtengo wa mango. Chikopa cha banga loyera chinali chitayanikidwa kale panthambi, ndipo kamwana kake, kosakwana mwezi, nako katafa, anali atakagoneka pambali.

"Si izi?" anakuwa bambo wina. "Tinkanena ife! Chitaganya chayamba ndi mbuzi, mawa ndi anthu!"

A Chimenya anamasula ndodo panjinga. Anandigwiritsa ndodo imodzi, ina anapatsa a Likaka amene tinawapeza komweko, tinakunga chingwe kuchokera pamlambala wotsala kufika pamene panaphulika. Anasendeza diso lawo mpaka kutsala pang'ono kukhudza kagalasi, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Kenako anabwera pafupi nane.

"Tsiku lija chingwe chinalefuka?"

"Ayi."

"Kunali mphepo?"

"Ayi, bambo."

Anavula chipewa n'kutembenukira kwa anthu. "Ndinalakwitsa kuyeza ndine. Pepani, mayi."

Zibuma zinayamba kuuluka. China chinawamenya pakhutu. Anyamata anagwetsa njinga n'kuiponda masipoko, mpaka akulu a mpingo anawaletsa. Ine palibe anandikhudza. Tikuchoka, a Nangondo anandithamangira ndi nyama yokulunga m'tsamba la nthochi, popeza mbuzi ikafa yokha aliyense wobwera kudzapepesa amalandirako. Ndinabisa manja kumbuyo, koma anawagwira n'kundiikira.

"Landira, mwanangu. Iwe ulibe mlandu. Iwe unkangoomba m'manja."

Panjira, a Chimenya akukankha njinga yopindika, ndinalira n'kunena kuti ndibwerera ndikaulule. Anaima.

"Ukanena, mawa nyumba ya azakhali ako ikhala ilibe denga. Ine anandida kale. Khala chete. Zimenezo umazitha."

Patapita milungu ingapo a Chimenya anawasamutsira kudera lina, sindidziwa kuti. A Nangondo anauzidwa kuti akwezenso mlambala pamzere woona, wodutsa pomwe panali khola. Mbuzi ziwiri zotsala zimagona pakhonde. Kuchokera tsiku limenelo, aliyense wokana milambala ku Chigaru amaloza ngalande ija, ndipo amuna ena apita kundende akuiloza. Mtsinje wa Lirangwe ukusefukirabe wofiira ndi nthaka ya m'minda. Anthu akuti Chitaganya chidzatha, zonse n'kukhala bwino. Mwina chidzatha. Koma ngalandeyo ikukula mvula iliyonse, ndipo sindiona amene adzalimbe mtima kukungaponso chingwe.

Chimene ndinatengapo n'chaching'ono, ndipo chinabwera mochedwa. Tsiku lija ndikanatha kuomba m'manja pamene kathovu kanakhazikika, kenako n'kunena kuti, "Bambo, tiwathandize mayiwa kusuntha khola, si mitengo yambiri." Mwina akanakana. Mwina akanandiseka. Ndinaopa kusekedwako, ndipo kunama ndi chala kunandipepukira kuposa kupempha ndi pakamwa. Tsopano m'kalasi ndikayeza chinthu ndimalemba chimene ndapeza, ngakhale chikhale chonyansa. Kulankhula ndiye sindinaphunzirebe. Lamulungu lililonse ndikakhala kwa azakhali, a Nangondo amandisungira malo pambali pawo m'tchalitchi, ndipo ndimakhalapo.