Makina Okutira a Bambo Brandvold

Anzathu a bungwe losonkhanitsa magemu akale a pakanema muno m'tauni ya Wausau andipempha kuti ndilembe mbiri ya bambo Lyle Brandvold, amene tinawaika m'manda mwezi watha. Ndavomera, ngakhale kuti cholembera chikundilemera, pakuti mbiri yawo siingalembedwe popanda kukhudza nkhani imene ambiri a ife timaitchula monong'ona, ndipo ena safuna kuimva konse. Amene akhumudwe andikhululukire.

A Brandvold anabadwira pafamu ya ng'ombe za mkaka kumpoto kwa tauni ino, koma ng'ombezo sanazikonde. Atakwatira mayi Darlene, anatsegula sitolo yobwereketsa mafilimu pafupi ndi mlatho, ndipo magemu a pakanema atafika anawaikira mashelefu awoawo, ena obwereketsa, ena ogulitsa. Ana a nthawi imeneyo, amene lero imvi zayamba kuwatuluka, amakumbukira fungo la khofi ndi la kapeti yonyowa ndi nsapato za m'chisanu, ndiponso mwini sitolo wamtali amene sankakalipira mwana wochedwa kubweza kaseti. Sitoloyo inalera banja mpaka pamene anthu anayamba kuonera mafilimu pa intaneti. Inatsekedwa mwakachetechete, ndipo pamalo pake lero amagulitsapo matayala.

Kenaka panachitika chimene palibe anachilota. Magemu amene tinkawaponya m'makatoni anasanduka chuma, koma osati onse. Gemu yotsegula, ngakhale yosamalidwa chotani, mtengo wake unali wa chakudya cha anthu awiri ku lesitilanti. Gemu yomweyo ili m'bokosi lake, pulasitiki ya ku fakitale isanang'ambidwe, inkatha kugula galimoto. Kunena zoona, chogulidwacho sichinali gemu, chinali kapulasitiki kopyapyala kotsimikizira kuti dzanja la munthu silinalowemo. Ndipo pamene pali mtengo wotere onyenga sachedwa: ankatenga gemu yakale, kuikutanso, n'kuigulitsa ngati yosatsegula.

Apa ndi pamene a Brandvold anapeza ulemu wa ukalamba wawo. Loweruka lililonse masana tinkakumana m'chipinda cha pansi pa tchalitchi cha Lutheran, ndipo iwo ankakhala patebulo la kutsogolo ndi galasi lokulitsira zinthu ndi katochi. Munthu akafuna kugula gemu yosatsegula, ankayamba waiika m'manja mwawo. Ankayang'ana msoko, pamene pulasitiki inalumikizidwa ndi moto, ndipo ankati ya ku fakitale imagona pabokosi ngati khungu, pamene yokutidwa m'sitolo imakoka makona. Akati ili bwino, mtengo unkakwera pomwepo. Akati iyayi, mwiniyo ankabwerera kwawo ndi nthabwala pamutu.

"Achimwene, iyi yakutidwa dzana ndi chowumitsira tsitsi cha akazi anu," ankatero, chipinda chonse n'kufa ndi phwete.

Sitinawafunse kumene anaphunzira kuzindikira ntchito ya onyenga mwamsanga chotere. Tinkati ndi zaka.

Loweruka lina, masamba akuyoyoka m'mitengo, kunabwera mayi Marlys Zastrow, mkazi wamasiye amene ankaphikira ana pasukulu asanapume pantchito. Sanali wa bungwe lathu. Ananyamula thumba la pepala ndi manja awiri ngati muli mazira. Denga la nyumba yawo linali likudontha, ndipo pokwera kusiling'i kukaika ndowa anapeza thumbalo kuseri kwa mtanda. Munali gemu ya mnyamata womenyana ndi zilombo za m'phanga, imodzi mwa zosowa kwambiri, ili m'pulasitiki yake. Pamwamba panali kapepala ka mtengo kolembedwa dzina la sitolo ya a Brandvold.

"Malemu Gene, mwamuna wanga, anagulira mwana wathu wamkazi ngati mphatso ya Khirisimasi," anatero mayi Zastrow. "Anaibisa kuopa kuti angaione, n'kuiwala pamene anaibisa. Anagudubuza nyumba yonse, kenaka n'kunena kuti ndataya ndine. Bambo ameneyo wapita kumanda akunenabe kuti ndataya ndine."

Anthu anaseka, koma maso onse anali pabokosi. Woyamba kuimirira anali a Tou Vang, amene amakonza ng'anjo zotenthetsera m'nyumba. Ali mwana, makolo awo atangofika kumene m'dziko lino, ankaima m'sitolo ya a Brandvold kuyang'ana bokosi lotereli pashelefu popanda chogulira.

"Mayi, musapite nayo kwina," anatero a Vang. "Ndigulitsa galimoto yanga ya kuntchito, ndionjezere zimene ndinasunga. Denga lanu likwana, zotsala mugulire makatani."

"Iwe Tou, ng'anjo za anthu uzikanyamula pamutu?" anafuula wina kumbuyo.

"Ndizikabwereka yako, poti imangogona pakhomo ngati mwini wake!"

Mwambo wake, gemu ya mtengo wotere imatumizidwa kutali kwa akatswiri oipima n'kuitsekera m'galasi. Koma zimenezo zimatenga miyezi, ndipo chipale chofewa chinali pafupi kugwa. Denga lodontha silidikira. Onse awiri anagwirizana kuti mawu a a Brandvold akwanira. Ndiponso gemuyo inachokera m'sitolo yawo yomwe. Ndani akanaidziwa kuposa iwo?

Pano ndiyenera kunena chimene ife tinachidziwa pambuyo pake. Kuseri kwa sitolo ija kunali makina okutira katundu m'pulasitiki. Gemu ikabwezedwa ndi wogula, kapena yobwereketsa ikakhala kuti sinathe, a Brandvold ankaipukuta, kuikuta, n'kuibwezera pashelefu pamtengo wa yatsopano. Masiku amenewo ankadziuza kuti eni masitolo ambiri amatero, ndi kuti mwana akang'amba pulasitiki sazindikira kanthu. Waya wotentha wa makinawo unali wopindika pang'ono, ndipo pakona ya mmunsi ya bokosi lililonse unkasiya kachipsera kofiirira, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Atatembenuza bokosi la mayi Zastrow pansi pa katochi, kachipserako kanali pomwepo.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ife tinkati akusirira. Kutsogolo kwawo kunali mkazi wamasiye ndi denga lake, kumbali kunali a Vang ndi galimoto imene imadyetsa ana awo, ndipo pabokosi panali dzina lawo. Kunena kuti yakutidwanso kunali kunena amene anaikuta.

"Bwanji madala, mwaona mzukwa?" anafunsa a Vang.

"Ili bwino," anatero a Brandvold, n'kuzimitsa katochi.

Tinaomba m'manja. Anapangana kuti malonda adzachitika Loweruka lotsatira, pamaso pa bungwe.

Mayi Darlene anandiuza kuti sabata imeneyo amuna awo sankamaliza chakudya. Lachisanu anakana kupita kokadya nsomba zokazinga, chinthu chimene sanaphonyepo ngakhale ali ndi chimfine. Ankangokhala m'galaja chitseko chili chotseka. Atawafunsa chimene chavuta, anati akufunafuna chingwe cha magetsi. Tsiku lomwelo anaona galimoto ya a Vang itaima pamsewu ili ndi chikwangwani chakuti ikugulitsidwa, ndipo atafika kunyumba anakhala m'galimoto yawo osatuluka mpaka khofi anazizira patebulo.

Loweruka chipinda chinadzaza, pakuti mbiri inali itawanda mpaka matauni oyandikana. Mayi Zastrow anabwera atavala za kutchalitchi ndipo anabweretsa makeke. A Brandvold anachedwa. Tinawamva akutsika masitepe pang'onopang'ono, chinthu cholemera chikugunda sitepe iliyonse. Analowa akukoka kangolo, pamwamba pake pali makina achitsulo adzimbiri ndi mpukutu wa pulasitiki wachikasu ndi ukalamba.

"Mwatibweretsera chootchera soseji, akulu?" anatero wina, koma kuseka kunathera panjira.

A Brandvold anaimika kangoloko pafupi ndi tebulo. Analumikiza makinawo kumagetsi, anapempha bokosi lopanda kanthu kwa mmodzi wa ife, analikulunga, n'kutsitsa chogwirira. Fungo la pulasitiki yopsa linadzaza chipinda. Manja awo, amene ankanjenjemera ponyamula kapu, pantchito imeneyi sananjenjemere konse. Anaichita mwaluso la munthu amene waichita kambirimbiri, ndipo ndikhulupirira kuti luso limenelo ndi limene linawachititsa manyazi koposa. Atatha anaika bokosilo pambali pa la mayi Zastrow, napereka galasi kwa a Vang.

"Tou, mwana wanga, yang'ana pakona ya mmunsi. Onse awiri."

A Vang anayang'ana, nabwerezanso.

"N'chimodzimodzi," anatero motsitsa mawu.

"Galimoto ija usagulitse. Gemu iyi ndinaikuta ndine, kuseri kwa sitolo, ndi makina awa. Sabata yatha ndinaona, ndipo ndinanama."

Mayi Zastrow anaika mbale ya makeke patebulo mosamala.

"A Brandvold, Gene analipira mtengo wa yatsopano."

"Inde, mayi."

"Anagwira ntchito Lamlungu kuti aipeze. Munamuyang'ana m'maso?"

"Ndinamuyang'ana, mayi. Ndinamupatsanso khofi."

Mayiwo anatenga bokosi lawo, nalowetsa chikhadabo pamsoko. Anthu angapo anafuula kuti asatero, chifukwa cha chizolowezi chabe, pakuti m'chipinda chimenecho munali musanamvekepo pulasitiki yotere ikung'ambidwa. Anaing'amba. M'katimo munali kaseti yokalika pang'ono m'mbali, ndi kabuku ka malangizo kamene mwana wina wosadziwika anakadetsa ndi chala cha chiponde.

"Ndiye kuti denga langa ndi limeneli," anatero, akuonetsa kabukuko.

A Brandvold anali chiimire, chipewa chili m'manja, makutu ali psuu. Akanatha kulekera pomwepo, koma anapitiriza. Anati mabokosi otere anatuluka m'sitolo mwawo ambiri, ndipo ena anadutsapo patebulo lomwelo zaka zapitazo, iwo n'kuwavomereza. Anapempha kuti aliyense amene ali ndi gemu yosatsegula yogulidwa m'dera lino awalole kufika kunyumba kwake kudzaona pakona.

Apa ndi pamene manyazi a munthu mmodzi anasanduka a bungwe lonse, ndipo ndikulemba ndime ino mutu uli pansi chifukwa cha dzina lathu. Ena anawalandira, namva zowawa, nachotsa mabokosi pashelefu ya ulemu. Koma ena, nkhalamba ija itagogoda, anayankhira pawindo kuti ali otanganidwa. Anasankha kusadziwa, pakuti bokosi losayang'anidwa limasunga mtengo wake. Ndipo panali ena amene sabata yomweyo anagulitsa awo pa intaneti kwa anthu akutali amene sanamvepo za kachipsera. Maina awo sindiwalemba. Anthu omwewo ndi amene ankalankhula mokweza kuti a Brandvold achotsedwe m'bungwe.

A Brandvold anagulitsa bwato lawo lophera nsomba, nagula zofolerera denga. Anapita kwa mayi Zastrow kukapempha, osati chikhululukiro, koma chilolezo chakuti akonze. Mayiwo anawasiya pakhonde nthawi ndithu asanayankhe.

"Konzani. Koma kukwera musakwere. Mukagwa pano anthu adzati ndakukankhani, ndipo mwina sadzalakwitsa."

Amene anakwera padenga anali a Vang ndi alamu awo, katundu atamunyamulira pa galimoto ija imene sinagulitsidwe. A Brandvold ankagwira makwerero ndi kupereka misomali, mphepo ikuwalowa m'malaya.

"Gwirani zolimba madala!" ankafuula a Vang ali pamwamba. "Kapena makwererowanso ndi okutidwanso?"

Nkhalambayo inkangogwedeza mutu. Masana mayi Zastrow ankaitana amisiri awiriwo kukadya kukhitchini. Kapu ya a Brandvold ankaiika pasitepe ya panja. Dengalo linatha chipale chisanagwe. Gemu ija mayi Zastrow anaitumiza kwa mwana wawo wamkazi ku Arizona, amene anayankha pafoni kuti sakukumbukira kuti anaipemphapo.

A Brandvold sanachotsedwe m'bungwe, pakuti a Vang anati nkhalambayo ikachotsedwa nawonso atuluka. Koma patebulo la kutsogolo sanakhalenso. Zaka zawo zotsala ankakhala kumbuyo pafupi ndi khofi, akutsuka makapu ndi kupinda mipando. Nthabwala ya chowumitsira tsitsi sitinaimvenso. Mwa apo ndi apo munthu ankawatsatira kumeneko ndi bokosi, kufuna kumva ngati ndi la ku fakitale. Iwo ankati zimenezo akafunse kwa akatswiri, pakuti mawu awo anatha ntchito. Ankangotembenuza bokosilo, kuyang'ana pakona ya mmunsi, n'kunena chimodzi mwa ziwiri: "Iyi si yanga," kapena, "Pepani, iyi ndi yanga."

Pamaliro pawo mayi Zastrow anabwera, nakhala pampando wa kumbuyo, nachoka chakudya chisanagawidwe. Mayi Darlene apempha kuti bungwe lidzatenge makina aja m'galaja, popeza iwo safuna kuwaonanso. Pempholi ndalipereka pamisonkhano iwiri, ndipo kufikira lero palibe amene wadzipereka kukawatenga.