Khutu la a Mtonga

Kwa zaka makumi atatu, galimoto ikaphwetsa tayala pa boma la Lundazi inkathera pansi pa mtengo wa mango wa a Kenan Mtonga, kufupi ndi pokwerera maminibasi a ku Chipata. Zida zawo zinali nyundo, zitsulo ziwiri zosulidwa ku sipuling'i ya lole, ndi khutu. Khutulo ankalinyadira kuposa ana awo. Akapopa tayala ankalimenya ndi nyundo, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, kenako n'kulengeza kuti mpweya wakwana. Geji yoyezera mpweya ankati ndi ya anthu obadwa opanda makutu.

Nsidze analibe. Tayala likakana kugwira rimu, a Mtonga ankathiramo petulo pang'ono n'kuponyamo machesi. Linkalira kuti phuu, amayi ogulitsa mtedza n'kumwazikana, iwo n'kutsala chilili akuseka, tsitsi likufuka utsi. Motowo unadya nsidze, ndipo phokoso lake linadya chinthu china chimene pakhomo pawo sichinkatchulidwa. Akazi awo, mai Eneless, anangozolowera kuwazungulira n'kukawalankhulira kudzanja lamanja, ndipo ngakhale kumeneko ankachita kukuwa.

Mwana wawo wamkazi, Taizya, anagwira ntchito zaka zinayi pagalaja ina ku Chipata. Pobwerera kwawo anabwera ndi kompresa yopopera mpweya komanso makina ochotsera ndi kuvekera matayala: thebulo lozungulira logwira rimu, mkono wachitsulo wosenda tayala, ndi zopondera pansi. Anamanga kashedi pambali pa mango uja n'kuwakhazika bambo ake pansi. Anawauza kuti choyamba azichotsa kamtima ka valavu kuti mpweya wonse utuluke, azipaka sopo m'mphepete mwa tayala, ndipo thebulo likamazungulira zala zisayandikire pakati pa tayala ndi rimu. Za petulo anati zithere pomwepo. Zonsezi a Mtonga anazimeza, poti msana unali utayamba kale kukangana ndi nyundo. Koma atamva kuti popopa aziima pambali maso ali pa geji, anadzuka.

"Ine nipope tayala niyang'ana koloko? Iwe unabadwa nili kumvela kale matayala."

Kuyambira tsikulo, Taizya akangochokapo, geji inkavala chipewa cha a Mtonga.

Tsiku lina m'nyengo yogulitsa fodya, Taizya atapita kumsika, kunabwera Obby, dalaivala wa minibasi, akugubuduza tayala lofunika kusintha. Chilungamo chake, a Mtonga anaigwira bwino ntchitoyo. Anachotsa valavu, anasenda lakale, anapaka sopo, latsopano n'kulowa pa rimu mosavuta. Kenako anakoleka chipewa pamalo pake n'kuyamba kupopa. Anamenya nyundo, sanamve kanthu. Anaonjezera mpweya, anamenyanso, komabe zii. M'malo mokayikira khutu anakayikira tayala, ndiye anaweramira pomwepo, tsaya kutsala pang'ono kukhudza rabala, mpweya ukulowabe.

Obby anakuwa kuti basi zakwana, koma anali ataima kumanzere. Atakuwa kachitatu anaona kuti ali ndi ana oti alere, ndipo anakabisala kuseri kwa mango.

Taizya anatulukira nthawi yomweyo. Anataya tomato amene ananyamula, anathamangira kukatseka mpweya, n'kuwakoka bambo ake ndi malaya mpaka onse awiri anakhala pansi m'fumbi. Atachotsa chipewa chija, muvi wa geji unali utapitirira kawiri pamene unayenera kuima. Anaphwetsa tayalalo msangamsanga, chifukwa ankadziwa kuti likanaphulika mutu wa bambo ake ukanapita nalo.

A Mtonga sanathokoze. Anadzisansa fumbi n'kunena kuti geji ndi yabodza, ndipo pa zaka makumi atatu panalibe dalaivala ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kudzadandaula. Anaitana Obby kuti achitire umboni pamaso pa mwana wamwanoyo.

Obby anakanda m'mutu. Anapita ku minibasi yake n'kubwerako ndi kageji kakang'ono konga cholembera.

"Mudala, tonse tili nato utu," anatero. "Mukamenya nyundo timavomela chabe. Manje tikafika pa kona paja pa chigayo timaima, tiyeza, tichotsako mphepo. Tinayamba kale, nsidze mukali nazo."

A Mtonga anapendeketsa mutu n'kufunsa kuti wati chiyani. Taizya anayang'ana pansi. Obby, mwaulemu wake wonse, anazungulira kudzanja lamanja n'kubwereza mawu omwewo mokweza, kotero kuti amayi a mtedza nawonso anamva, pamodzi ndi anthu amene ankadikira m'minibasi.

Zinawapweteka a Mtonga kuposa moto wa petulo. Maminibasiwo ankawaona ndithu akuima pachigayo paja tsiku ndi tsiku, ndipo iwo omwe ankauza anthu kuti madalaivala a masiku ano ndi osusuka, sangadutse pa zitumbuwa. Anatola chipewa chawo n'kupita kunyumba dzuwa likadali pamutu. Mai Eneless atafunsa chimene chachitika, iwo anangoti mutu ukuwawa.

Masiku ano chipewa chimakhala pamutu pa mwini wake. A Mtonga amachotsa valavu, amapaka sopo, amaponda zopondera, ndipo popopa amaima pambali akuwerenga muvi pamodzi ndi mwana wawo. Nyundo ili pansi pa benchi, ndipo Taizya amaswera mtedza. Minibasi ikanyamuka, a Mtonga amatuluka m'kashedi n'kuiperekeza ndi maso mpaka pachigayo. Imadutsa osaima.